Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Apolisi: mapasa opezeka atafa ayambe apimidwa mayi asanaweruzidwe

Bwana Mkulu wa Apolisi,

Ndikupatsani ulemu woyenera udindo wanu. Ine ndine mzamba, ndinagwira ntchito m'zipinda zochilira za zipatala za boma mpaka kupuma, ndipo ndikulemberani za makanda amene amapezeka atafa popanda wodziwa mwini wake: m'chimbudzi chokumba, m'ngalande, kudzala, m'munda, ena agalu atawafukula. Makamaka ndikulemberani za pamene makandawo apezeka awiri malo amodzi, mapasa. Pempho langa ndi lakuti apolisi asamanene chimene chapha ana otere, ndiponso asamalengeze kuti akusakasaka "mayi wankhanza", mitemboyo isanapimidwe ndi munthu wodziwa kupima makanda. Zimene timamva pa wailesi ndi kuwerenga pa Facebook kawirikawiri zimayenda njira imodzi. Mneneri wa polisi atchula malo, anena kuti achipatala apeza kuti anawo anafa chifukwa chobanika, achenjeza amayi za mchitidwe wotaya makanda, kenako apempha aliyense wodziwa mkazi amene anali ndi pakati koma mimba yaphwa kuti akanene. Zonsezi dzuwa lisanalowe. Pofika madzulo dziko lagamula kale mlandu, woweruzidwayo asanapezeke n'komwe.

Anthu akamva kuti ndi awiri, mkwiyo umawirikiza. Amati mmodzi mwina n'tsoka, koma awiri kufera limodzi ndiye kuti pali dzanja la munthu. Ife amene talandira mapasa m'manja mwathu tikudziwa kuti maganizo amenewa ndi ozondoka. Mapasa amakhala m'mimba imodzi, amadya kwa mayi mmodzi, amabadwa usiku umodzi pamalo amodzi, ndiye chimene chapweteka mmodzi nthawi zambiri chafikanso kwa mnzake. Mu 2017 Christiaan Monden ndi Jeroen Smits anatulutsa kafukufuku m'magazini ya zaumoyo ya Lancet Global Health wosonyeza kuti kumwera kwa chipululu cha Sahara, mwana mmodzi mwa asanu aliwonse obadwa mapasa amamwalira asanakwanitse zaka 5, pafupifupi kuwirikiza katatu poyerekeza ndi ana obadwa okha, ndipo kusiyanaku kumakula kwambiri m'mwezi woyamba. M'chiwerengero chimenechi muli ana amene makolo awo anawadikira ndi chimwemwe, atagula kale zitenje, beseni ndi tizipewa tiwiri.

Mundilole ndifotokoze bwino mmene mapasa amafera, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mapasa ena aliyense amakhala ndi nsengwa yake, chiwalo chimene mwana amadyera kwa mayi kudzera mu mchombo. Koma mwa mapasa ofanana, ochokera ku dzira limodzi, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse amagawana nsengwa imodzi, ndipo mitsempha yawo ya magazi imalumikizana m'nsengwamo. Pa mimba 100 zotere, 10 mpaka 15 magazi amayamba kuyenda mokondera: mwana mmodzi amangopereka, wina amangolandira. Madokotala amatcha vutoli TTTS. Woperekayo amawonda, amatuwa, madzi a m'nsupa yake amauma. Wolandirayo amafiira, amatupa, mtima wake umalemedwa mpaka kulephera, ndipo madzi a m'nsupa yake amachuluka kotero kuti mimba ya mayi imakula mofulumira, kuthina, matenda n'kuyamba miyezi isanakwane. Vutoli likakula popanda chithandizo, ambiri mwa ana otere sapulumuka. Kumayiko olemera amawotcha mitsempha yolumikizanayo ndi kuwala kwa laser ana akadali m'mimba, koma kuti afike pamenepo amayamba aona pa sikani, pakati pa masabata 11 ndi 14, kuti nsengwa ndi imodzi. Mayi wakwathu kuno nthawi zambiri amayamba sikelo mimba itakula kale, si onse amene amaikidwa pa sikani, ndipo ena amadziwa kuti anali ndi awiri woyamba atatuluka.

Tsopano taganizirani, Bwana, wapolisi wanu wafika pamalo, wapeza makanda awiri, wina wofiira psuu ndi wotupa, wina wamng'ono wotuwa mbuu. Iye sanaphunzire uzamba ndipo palibe angamudzudzule pa icho. Aganiza kuti woyambayo anafinyidwa kapena kumenyedwa, wachiwiriyo anataya magazi atavulazidwa. Munthu wodziwa akangoona anawo pamodzi ndi nsengwa yawo amazindikira kuti imfayo inayamba masabata angapo mayi asanamve n'komwe kupweteka kwa msana.

Nsengwa imodzi imachitanso zina. Mwana mmodzi akafera m'mimba, magazi a wamoyoyo amatha kukhuthukira mwa wakufayo kudzera m'mitsempha yomwe ija, wamoyoyo n'kutsatira posachedwa kapena kuwonongeka ubongo. Wina akafa mimba ili ya miyezi inayi kapena isanu, mnzake n'kupitiriza kukula, wakufayo amapanikizika kukhoma la chiberekero mpaka kuphwatalala ndi kuuma ngati tsamba la fodya, ndipo amadzatuluka limodzi ndi nsengwa tsiku lochira. Anthu akapeza mitembo iwiri yotere, wina wamkulu wina kachinthu kouma, amayamba nkhani zoti mkaziyo anachotsapo mimba ina kale, kapena kuti ndi zizimba. Ayi, ndi mimba imodzi. Mapasa ena ochepa amakhala m'nsupa imodzi yopanda chotchinga pakati, michombo yawo imakolana mpaka kumanga mfundo, magazi n'kuleka kuyenda, onse awiri n'kufa ola limodzi mayi ali pa ntchito zake osadziwa kanthu.

Pochira penipeni amene amakhala pangozi kwambiri ndi wachiwiri. Woyamba akatuluka, m'chiberekero mumatsala malo, ndiye wachiwiri amatha kugona chopingasa, kutsogoza dzanja, kapena mchombo kutsogola n'kupanikizika. Nsengwa imathanso kuyamba kumatuka iye akadali mkati. Kuchipatala timakhala ndi mphindi zowerengeka zoti timutembenuze kapena tithamangire ku opaleshoni. Mkazi amene wachilira yekha m'nyumba, kapena m'mbali mwa msewu kabaza atalephera kuwoloka mtsinje, alibe mphindi zimenezo.

Koma chimene chimatenga mapasa ambiri ndi kubadwa masiku osakwana. Oposa theka la mapasa amabadwa masabata 37 asanakwane, ndipo lipoti la Born Too Soon la 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, ana 18 pa 100 aliwonse obadwa masiku osakwana. Mwana wa miyezi isanu ndi iwiri mapapo ake amakhala asanakhwime. Amabuula, nthiti zikulowa mkati, n'kuleka kupuma popanda womukhudza. Alibe mafuta m'thupi, ndiye akangogona wonyowa pa simenti usiku wa mu June ku Dedza kapena ku Mzimba, kuzizira kokha kumamutsiriza. N'chifukwa chake ku Chatinkha, pa chipatala cha Queen Elizabeth, kuli makina a Pumani othandiza makanda kupuma, ndipo n'chifukwa chake kuyambira 1999 ku Zomba kunayamba njira ya kangaroo yofungatira ana otere pachifuwa cha mayi. Ngakhale ndi zonsezo, anamwino akuyang'anira usiku wonse, ena timawataya ndithu.

Thupi la mayi nalonso limalowapo. Mimba ya mapasa imakweza BP kawirikawiri kuposa mimba ya mwana mmodzi, ndipo BP ikafika pomugwetsa mayi ndi kumukomola, ana amasowa mpweya. Chindoko chosachizidwa chimapha ana m'mimba, pomwe jakisoni wa penisilini kusikelo akanawapulumutsa. Malungo ndi kuchepa kwa magazi zimafooketsa nsengwa. Chiberekero chimene chatambasulidwa ndi ana awiri sichifulumira kubwerera, motero mayi amataya magazi ambiri akangochira. Ndaonapo amayi akukomoka pabedi ife tili pomwepo, dripu ili pamkono. Akakomoka ali yekha, amadzatsitsimuka ana atazizira kale, mwina atagona chafufumimba m'magazi ndi m'madzi a nsupa. Mtembo wa mwana ameneyo udzaonetsadi kuti anasowa mpweya, koma palibe anamupha.

Apa ndi pamene malipoti amene apolisi amalandira amasokeretsa. Dziko lino lili ndi madokotala ochepa kwambiri ophunzira ntchito yopima mitembo, ndipo ali m'mizinda. M'maboma ntchitoyi imagwera kiliniko ofisa amene ali pa ntchito tsikulo, munthu wotopa, mzere wa odwala ukumudikira pakhonde, ndipo nthawi zina amangoitanidwa pamalo pamene mtembo wapezeka n'kuuyang'ana kunja kokha. Sindikuwanyoza, ndagwira nawo ntchito ndipo ndi amene asenza zipatala zathu. Koma iye akalemba kuti mwana anafa chifukwa chosowa mpweya, sananene chimene wapolisi akumva. Mwana amene nsengwa yake yamatuka m'mimba, mwana wopanikizika pochira, mwana wa mapapo osakhwima, ndi mwana wotsekedwa pakamwa ndi chitenje, onsewa amatha kuoneka chimodzimodzi: kunja milomo ndi zala zimada, mkati mumapezeka timadontho ta magazi pa mapapo ndi pamtima. Zizindikirozi zimanena kuti mpweya unasowa, sizinena kuti wina anachita kuumana. Koma lipotilo likadutsa pa desiki ya mneneri limatuluka ngati umboni wakupha.

Mabala nawonso amanamiza. Mchombo wokulunga m'khosi umasiya mzere wofanana ndi wa chingwe. Mutu wa mwana wobadwa movutika umatupa, umatalika, nthawi zina magazi amaundana pansi pa khungu, ndipo kafupa ka pakati pa khosi ndi phewa kamathyoka ngakhale m'manja mwa dokotala. Mkazi wodzichiritsa yekha amakoka mwana ndi zala zake, zikhadabo n'kusiya mabala kumaso ndi kukhosi. Agalu, makoswe ndi linthumbu zimawonjezera awo mwana atafa kale. Palinso njira yakale, ya m'zaka za m'ma 1600, yoika mapapo m'madzi: akayandama akuti mwana anapuma, akamira akuti anabadwa wakufa. Njirayi ndi yosadalirika. Mtembo ukayamba kuwola, mpweya wa kuwolako umayandamitsa mapapo a mwana amene sanapumepo. Mayi akayesa kumuuzira mpweya pakamwa kuti amudzutse, mapapo amathanso kuyandama, kuyesetsa kwakeko n'kusanduka umboni womumangira. Mu 2023 atolankhani a ProPublica anaonetsa kuti ku America kuli amayi amene anaimbidwa milandu yakupha potsamira njira imeneyi, pamene akatswiri ambiri anaikana kale.

Komatu mtembo wa khanda uli ndi zambiri zoti unene kwa wodziwa kuupima. Mwana amene wafera m'mimba khungu lake limayamba kusupuka patatha maola pafupifupi 6. Pakapita masiku thupi limafewa, mafupa a mutu amalowana, ndipo zimenezi n'zosiyana ndi kuwola kwa panja. Mwana wotere palibe akanamupha atabadwa. Kutalika kwa phazi ndi kwa fupa la ntchafu kumanena msinkhu wa mimba, ndipo fupalo limanenabe ngakhale mnofu utatha. Mkaka m'mimba mwa mwana, kapena kufiira kwa patsinde pa mchombo, kumasonyeza kuti anakhala ndi moyo kwa nthawi ndithu. Chiwindi ndi kapamba zotupa zimaloza ku chindoko kapena matenda ena a m'mimba. Ndipo mboni yaikulu kuposa zonse, makamaka kwa mapasa, ndi nsengwa: ndi imene imanena ngati inali imodzi kapena ziwiri, ngati mitsempha inalumikizana, ngati inamatuka, ngati munali mafinya kapena tizirombo ta malungo. Chimandiwawa n'chakuti nsengwayo ndi imene imasiyidwa pamalopo kapena kukwiriridwa apolisi asanafike, poti aliyense amaiona ngati chonyansa chabe.

Mwina mukufunsa kuti ngati anawo anafa okha, anapezeka bwanji kutchire? Yankho loyamba lili m'mwambo wathu. Mtayo, mwana wobadwa wakufa kapena wofa atangobadwa, suikidwa ngati maliro ena. Amanyamula amayi achikulire okhaokha, popanda kulira, popanda bokosi, atakulunga m'nsalu, ndipo dzenje limakhala losaya chifukwa akuluakulu amati mukazika kwambiri mwatsekera mayiyo kubereka. Kumudzi, kumene manda ali pafupi ndipo amfumu akudziwa, palibe chovuta. Koma m'tauni, kwa mkazi wa lendi ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi, wopanda azakhali pafupi, wopanda ndalama ya manda kapena ya galimoto yopita kumudzi, mwambo womwewo umachitika usiku m'mphepete mwa mtsinje ndi khasu lobwereka. Mvula ikakokolola kapena agalu akanunkhiza, m'mawa kwapezeka makanda, ndipo amene waona amati otayidwa.

Yankho lachiwiri ndi mantha amene tinawabzala ife eni. Kuyambira 2007, pamene boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi, mafumu ambiri anakhazikitsa malamulo olipitsa mbuzi, nkhuku kapena ndalama kwa wochilira pakhomo. Cholinga chinali chabwino, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 pa 100 aliwonse akubadwira kuchipatala. Koma mapasa sadikira tsiku lolembedwa m'buku la sikelo. Amabwera mayi asanaganize n'komwe zopita kuchidikiro. Wachilira pakhomo, ana afa, ndiye akaulule kuti alipire mbuzi pamwamba pa chisoni, n'kukalandiranso mawu kuchipatala? Palinso mtsikana wa sukulu amene wamanga mimba ndi mpango miyezi yonse, ndipo sali yekha, chifukwa kafukufuku yemweyo anapeza kuti atsikana 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Palinso mkazi amene akudziwa kuti mimba ikangochoka, funso loyamba kwa apongozi ndi kwa oyandikana nawo likhala lakuti wamwa chiyani.

Chilengezo chosaka mayi chikatuluka, m'madera ena amayi amasonkhanitsa atsikana n'kuwafinya mabere kuti aone wotuluka mkaka. Mwini nkhaniyo panthawiyo ali m'nyumba, akutaya magazi, mwina zotsalira za nsengwa zikuwola m'chiberekero, thupi likutentha. Akuganiza kuti akangoponda pachipatala foni ipita kupolisi, ndiye amakhala chete, ndipo matenda a m'chiberekero sadikira munthu. Pofuna chilungamo cha ana awiri tikhoza kutaya munthu wachitatu. Akanamva pa wailesi kuti apolisi akupempha mayi wa anawa kuti afike kuchipatala msanga chifukwa moyo wake uli pangozi, ndipo kuti akalandiridwa ndi a Victim Support Unit osati ndi unyolo, mukanamupeza msanga, ali moyo, ndipo akanakuuzani yekha zimene zinachitika.

Sindikunena kuti palibe amene amapha. Alipo, ndipo khanda loponyedwa m'chimbudzi likulira liyenera chilungamo monga munthu wina aliyense. Koma malamulo athu omwewa amasiyanitsa. Kuti pakhale mlandu wakupha, mwanayo ayenera kukhala kuti anatuluka m'thupi la mayi ali wamoyo, ndipo woyenera kupereka umboni wa zimenezo ndi boma. Gawo 230 la malamulo a milandu ya upandu limazindikira kuti mayi amene wapha mwana wake wosakwana miyezi 12 mutu utasokonezeka chifukwa cha uchembere saweruzidwa ngati wakupha mwadala. Gawo 232 ndi la kubisa kubadwa kwa mwana pobisa mtembo wake, mlandu waung'ono kwambiri poyerekeza ndi winawo. Ndipo gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati munthu ndi wosalakwa mpaka bwalo litamupeza wolakwa. Chimene chingasiyanitse milandu imeneyi ndi kupima, osati kukula kwa mkwiyo wa anthu. Kupima kwa pamwambamwamba kumamanga wosalakwa, komanso kumamasula wolakwa, chifukwa loya wodziwa ntchito sachedwa kung'amba lipoti la mizere iwiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa milandu iyi kudekhako ndi masiku ochepa chabe odikira zotsatira.

Maganizo oti ana awiri a mayi mmodzi sangafe okha anamangitsapo anthu ngakhale kumayiko odzaza ndi akatswiri. Mu 1999 bwalo la ku England linagamula kuti Sally Clark, yemwe anali loya, akakhale kundende moyo wake wonse pa imfa za ana ake awiri aamuna. Dokotala wotchuka wa ana, Roy Meadow, anauza bwalo kuti mwayi woti ana awiri afe mwadzidzidzi m'banja ngati limenelo ndi 1 pa 73 miliyoni. Kenako zinadziwika kuti zotsatira za ku labotale zosonyeza kuti mwana wachiwiri anali ndi tizirombo ta staphylococcus m'thupi sizinaperekedwe kubwalo. Anamasulidwa mu 2003, koma sanachire mumtima, ndipo anamwalira mu 2007. Ku Australia, Kathleen Folbigg anakhala m'ndende zaka 20 pa imfa za ana ake anayi, mpaka mu 2023 pamene anakhululukidwa ndipo chigamulo chinafafanizidwa, asayansi ataonetsa kuti ana ake awiri aakazi anabadwa ndi vuto la chibadwa la CALM2 limene limasokoneza kagundidwe ka mtima. Ana amenewo anabadwa zaka zosiyana. Nanga mapasa, amene mimba ndi ola lobadwa ndi zimodzi, enanso ngakhale chibadwa?

Kwathu konkuno tinaona mmene mawu oyamba amaphonyera. Mu September 2011 Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, atapezeka atafa, apolisi ananena kuti anadzipha. Komiti yofufuza ya 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Ameneyo anali munthu wamkulu, wodziwika dzina, wokhala ndi abale ndi anzake omulankhulira. Khanda lopanda dzina ndi mayi wake wosauka alibe woitanitsa komiti.

Zambiri zimene ndikupempha, Bwana, sizilira ndalama; zikulira kalata imodzi yochokera mu ofesi yanu ku Area 30 kupita ku mapolisi onse. Wapolisi wofika pamalo atenge zonse: ana onse awiri, aliyense m'thumba lake lolembedwa, nsengwa, michombo mmene yakolanirana osaimasula, ndi nsalu zokulungira. Ajambule ndi foni ataika lula pafupi ndi phazi la mwana aliyense. Asalole kuti mitembo iikidwe tsiku lomwelo chifukwa anthu akudandaula fungo. Ipite ku mochale. Fomu yopempha kupima ifunse mafunso enieni: mimba inali ya masabata angati, pali umboni wanji woti mwana anabadwa wamoyo, nsengwa inali imodzi kapena ziwiri, ndi matenda ati amene afufuzidwa. Ndipo wopimayo akhale womasuka kulemba kuti chimene chapha sichikudziwika. Pa mtembo wowola limenelo nthawi zambiri ndilo yankho loona, ndipo wapolisi asamuumirize kulemba china kuti fayilo iyende.

Zina zikufuna kuti mukhale pansi ndi Unduna wa Zaumoyo ndi sukulu ya ukachenjede ya KUHeS, kuti zithunzi ndi tizidutswa ta mapapo ndi ta nsengwa zochokera m'maboma zizifika kwa akatswiri a ku Blantyre ndi ku Lilongwe mlandu usanalembedwe. Pali njira yotchedwa MITS, yotenga tizidutswa ta mapapo, chiwindi ndi ubongo ndi singano popanda kutumbula mtembo wonse, imene bungwe la CHAMPS lakhala likugwiritsa ntchito pofufuza imfa za makanda ku Manhiça ku Mozambique, ku Soweto ku South Africa ndi ku Kisumu ku Kenya. Akiliniko ofisa athu angathe kuiphunzira. Ponena za kuzindikira mwini wa anawo, chipatala chilichonse chili ndi makadi oumitsira dontho la magazi, omwe aja timayezera HIV makanda a masabata 6. Dontho pa kadi, kapena kachidutswa ka mchombo, kangasungidwe kuti mawa DNA idzanene ngati mkazi amene anthu amuloza ndiyedi mayi wa anawo, m'malo modalira zala za amayi a m'mudzi. Pakhalenso buku limodzi la makanda onse opezeka atafa, lolembedwa tsiku, malo, msinkhu wa mimba ndi chimene chinapezeka popima, ndipo manda a mwana aliyense akhale ndi nambala, mapasa aikidwe pamodzi. Bukulo lidzathandiza inu kuona milandu yeniyeni, lidzathandizanso a zaumoyo kuona madera amene amayi a mapasa akuchilira pakhomo kapena panjira.

Chomaliza ndi cha amene amangidwa kale. Lamulani kuti mafayilo a amayi onse amene ali pa limandi pa milandu ya makanda atsegulidwenso, pamodzi ndi ofesi ya mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, ndipo katswiri wopima mitembo awerenge lipoti lililonse. Pamene lipotilo langonena za kubanika, popanda umboni woti mwana anabadwa wamoyo, popanda msinkhu wa mimba, popanda mawu aliwonse pa nsengwa, mlandu wakupha uchotsedwe ndipo mayiyo apatsidwe belo. Muyambe ndi mafayilo a mapasa.

Ine wanu mwaulemu,
Mzamba wopuma pantchito